Mutu 6: Wobwereza Mzere wa Fyness

1. Mlakatuli wa sukulu

Pa sekondale yoyendera ya Tsanya, kufupi ndi msika wa Thambani, munthu akatchula ndakatulo ndiye kuti watchula Taziona. Kukabwera alendo ochokera ku boma, woitanidwa kutsogolo anali Taziona. Likafika tsiku lotsekera teremu, Taziona yemweyo. Anzake adamupatsa dzina loti Mlakatuli, ndipo iye sadalikane ngakhale tsiku limodzi.

Ndakatulo zake zinkakoma kumathero. Ankaonetsetsa kuti mizere yonse yathera mofanana, motere:

*Mwana wanzeru amaphunzira,*
*Mwana waulesi amalira,*
*Mwana wamwano amataya njira.*

Akamaliza ankagwada pang'ono, ana n'kuwomba m'manja. Kunena zoona mphatso anali nayo, ndipo mawu ake ankamveka mpaka ku mjigo. Vuto linali lakuti adazolowera kuwomberedwa m'manja, mpaka adayamba kuyesa kuti manja onse a pa Tsanya adalengedwera iye.

Kunyumba kwawo kunkakhalanso msuweni wake, Fyness Sankhani, wochokera m'mudzi wina wa kwa Nthache. Bambo a Fyness adapita ku Tete kukafuna ntchito iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sadabwerere. Malume ake, a Langton, omwe ndi bambo a Taziona, adamutenga kuti aziyendera pafupi ndi sukulu.

Atsikana awiriwa anali Fomu 3 onse, ndipo ankagona chipinda chimodzi. Koma Fyness anali wachibwibwi. Liwu likamukakamira pakhosi ankatsinzina, milomo ikunjenjemera, mpaka anyamata a kumbuyo ataseka. N'chifukwa chake m'kalasi sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Ku golosale ndi ku chipatala womuyankhulira anali Taziona, ndipo Taziona ankaikonda ntchito imeneyi.

2. A Saulos ndi Finland yawo

Mphunzitsi wa Chichewa anali a Saulos, ochokera ku Ntcheu. Chaka chapitacho adapita ku maphunziro a miyezi itatu ku dziko la Finland. Miyezi inali itatu yokha, koma nkhani zake sizinkatha. Kukazizira ankati kumeneku si kuzizira, mukadaona ku Finland. Kukada msanga ankati umenewu si mdima. Ana adangowapatsa dzina loti a Finilandi, la mseri.

Lolemba lina adalowa m'kalasi akumwetulira.

"Kwatsala masabata atatu kuti tipite ku boma ku mpikisano wa ndakatulo," adatero. "Opambana akapikisana ku Blantyre. Chaka chino sitipita ndi zomwe aliyense amapita nazo. Tsekani makope mumve."

Taziona adakhala tsonga. Mpikisano umenewu ankauwerengera ngati wake.

"Anthu akale a ku Finland anali ndi ndakatulo zazitali za ngwazi zawo, zoimba tsiku lonse osatha," adayamba a Saulos. "Sankalemba, ankasunga m'mutu. Ndiye anali ndi malamulo owathandiza. Loyamba, mzere uliwonse ukhale ndi maphatikizo asanu ndi atatu. Umayenda ngati munthu wosenza katundu: kuponda molemera, kuponda mopepuka, kanayi." Adamenya tebulo ndi chikhatho kasanu n'katatu. "Lachiwiri, mawu a mu mzere umodzi aziyamba ndi liwu lofanana. Lachitatu, ukanena chinthu, unenenso chomwecho mu mzere wotsatira, koma ndi mawu ena. Zoti mizere ithere mofanana analibe nazo ntchito kwenikweni."

Taziona adakweza dzanja. "Sala, ndakatulo yopanda mathero ofanana ndi ndakatulo ngati?"

"Iwe umaveka mzere nsapato," adayankha a Saulos. "Iwo ankauveka chipewa. Onse avala, eti?"

Kalasi idaseka, koma Taziona sadaseke nawo.

"Chachinayi ndicho chinandigwira mtima," adapitiriza. "Mabuku akale amanena kuti m'madera ena oimba ankakhala awiri, moyang'anana, atagwirana manja. Woyamba amaimba mzere. Wachiwiri amalowa kumapeto kwake, n'kuubwereza wonse yekha. Pamene iye akubwereza, woyamba uja akupuma ndi kukonza mzere wotsatira. Ndakatulo siidukira. Mawa aliyense abwere ndi mizere inayi."

Madzulo ake Taziona adalimbana ndi kope mpaka dzuwa kulowa. Akawerenga ndi zala, maphatikizo ankatuluka khumi, pena khumi ndi limodzi. Akadula liwu, mathero ake okoma aja ankawonongeka. Pomaliza adangolemba m'njira yake yakale, nati a Finilandi adzionera okha.

3. Manja awiri

M'mawa mwake a Saulos adachonga makope ali chiimire. Atafika pa kope lina adaima, n'kuyamba kugogoda tebulo ndi chala.

"Fyness Sankhani, bwera kuno."

Fyness adayang'ana msuweni wake ngati wagwidwa ndi mlandu.

"Walemba wekha izi?"

Adagwedeza mutu kuvomera.

"Tiimbire."

"S-s-sala, ine s-s-s..." Adatsinzina. Kumbuyo wina adayamba kutsokomola mwachipongwe.

A Saulos adakoka mipando iwiri n'kuiika moyang'anana. "Taziona, khala apa. Gwiranani manja. Fyness, usayang'ane kalasi, yang'ana mnzakoyu. Usayankhule, imba. Ukatha mzere, Taziona aubwereza, iwe uzipuma. Muzikokana pang'onopang'ono, uku ndi uku."

Manja a Fyness anali ozizira. Adakoka mpweya, n'kuyamba chapansipansi:

*Mayi anga, mvula yagwa,*

Taziona adabwereza ndi mawu ake akulu aja. Asanatseke pakamwa, Fyness adali atalowa kale:

*Mitambo yataya madzi;*
*Munda wathu wamwa wonse,*
*Pansi ponse pali lowe.*

Mzere uliwonse Taziona ankaubweza, ndipo mzere uliwonse Fyness ankautulutsa wosalala, popanda kukakamira paliponse. M'kalasi mudati zii. Zaka zitatu adakhala naye, koma palibe amene ankadziwa kuti mtsikanayu ali ndi mawu okoma chotere.

"Basi, tapeza," adatero a Saulos. "Fyness atsogolera, ndakatulo ndi yake, aitalikitse. Taziona, iwe ndiwe wobwereza. Ndipo undimvetse. Ndakusankha chifukwa palibe wina amene mnzakoyu angamukhulupirire. Chibwibwi chimaopa nyimbo, koma chimakonda pamene pati zii. Ukachedwa kulowa ngakhale pang'ono, chimugwira. Ntchito yako ndi yoti pasakhale mpata."

Ana adawomba m'manja. Aka kanali koyamba kuti Taziona amve manja a pa Tsanya akuwombera munthu wina iye ali pomwepo. Zidamupweteka, ndipo nsanje idamulowa tsiku lomwelo.

4. Kudzenje la matabwa

Sabata yoyamba ankayeserera pansi pa mtengo wa manachesi kuseri kwa nyumba. Fyness adawonjezera mizere yonena za bambo ake. Mayi a Taziona atamva adasiya kutsuka mbale, napukuta misozi ndi chitenje. A Langton adati, "Mwana wa mlongo wangayu anabisa chuma." Taziona adadikira kuti anenepo za iye, koma iwo adanyamula sowo yawo yochekera matabwa n'kumapita.

Sabata yachiwiri Taziona adayamba kudwala mutu nthawi ya kuyeserera yokhayokha. Nthawi ya kudya mutuwo unkapola.

"Taz-Taziona, tiye tipange kamodzi k-kokha," ankapempha Fyness.

"Ndatopa. Si ndiwe katswiri? Dzibwereze wekha."

Loweruka masana mayi ake adamutuma kukapereka thobwa kumene bambo ake ankacheka matabwa. A Langton adagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi mnzawo mmodzi, a Zakeyu. Chipika chinkagonekedwa pamwamba pa dzenje. A Zakeyu ankaima pamwamba kutsata mzere wa makala, a Langton ali m'dzenje kukokera sowo pansi. A Langton adatuluka m'dzenjemo ali mbuu ndi utuchi, namwa thobwa, n'kuuza mwana wawo kuti akhale pa thabwa.

"Mutu uja wapola?" adafunsa.

"Pang'ono, ababa."

"Ndi mutu wa nzeru umenewo, umadziwa wotchi." Adapukuta pakamwa. "Mwana wanga, ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, za ku Finland sindizidziwa. Koma zimene akuchita aphunzitsi akozo ndazimva, chifukwa ndi ntchito yanga yomweyi. Tayang'ana dzenjelo. Zaka makumi awiri ndili pansi. Utuchi umagwera ine. Ogula akabwera amapatsa moni a Zakeyu, chifukwa ndi amene akuoneka. Amati matabwa a Zakeyu ndi owongoka. Dzina langa silimveka.

"Chaka chachitatu zinandiwawa. Ndinati, kodi ine ndine kapolo? Tsiku lina kunabwera bwana wina wa ku boma, n'kuwayamikira a Zakeyu mpaka kuwagwira chanza, ine osandiyang'ana n'komwe. Atachoka ndinati lero aone. Tili pakati pa chipika, iwo akukankha ndi mphamvu, ine ndinafewetsa manja. Sindinachite china chilichonse. Ndinangosiya kukoka. A Zakeyu, tavulani nsapatoyo mwanayu aone."

A Zakeyu adaseka, navula nsapato ya kumanzere. Zala ziwiri panalibe.

"Sowo inapindika n'kulumpha," adatero a Langton. "Ndinawabereka ndekha mpaka ku chipatala. Anthu onse anati ngozi, ndipo anandiyamikira kuti ndine mnzawo weniweni. Ndinakhala nazo chaka chathunthu ndisanawauze zoona. Anandikhululukira, koma zala sizinamere. Ndiye ndikukuuza, Taziona, tchimo la munthu wa pansi silioneka, chifukwa iye sachita kanthu, amangosiya. N'chifukwa chake ndi loopsa. Mnzakoyo waika moyo wake m'manja mwako. Nsanje ndi matenda a tonse, usachite nayo manyazi, koma uinene isanakugwiritse ntchito. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ine ndilibe jelasi, ababa," adatero Taziona akutola chigubu. "Ndi mutu basi."

A Langton adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adatsikira m'dzenje mwawo.

Kuyambira tsiku limenelo Taziona adabwerera pansi pa mtengo wa manachesi, ndipo ankabwereza mzere uliwonse mosaphonya. Bambo ake adayesa kuti mawu awo agwira ntchito. Chimene chidagwira ntchito ndi mantha oti amudziwa.

5. Ku boma

Tsiku la mpikisano linali Lachisanu. Adakwera pikapu ya m'mamawa pa Thambani, atapanikizana ndi madengu a manachesi, a Saulos ali kutsogolo ndi dalaivala. Njira yonse Fyness adagwira mkono wa msuweni wake.

Holo ya ku boma inali yodzaza ndi mayunifomu a mitundumitundu. Panja magalimoto akuluakulu opita ku malire ankadutsa akugwedeza mawindo. Oweruza atatu adakhala kutsogolo, ndi mabotolo a madzi patebulo.

Pakhomo adakumana ndi Emelda, mtsikana wa sukulu ina ya pa boma, amene Taziona adamugonjetsa chaka chatha. Anali ndi pepala la ndondomeko m'manja.

"Mlakatuli! Bho? Koma dzina lako sindikuliona apa. Ndikuona Fyness Sankhani ndi womuthandiza wake. Womuthandizayo ndi ndani?"

"Ndine," adatero Taziona.

"Shuwa? Ntchito yake yotani?"

"Kubwereza mizere."

Emelda adaseka mpaka kugwira chitseko. "Ayi ndithu, zinthu zimasintha. Chaka chatha mlakatuli, chaka chino chinkhwe!"

Taziona adalanda pepalalo n'kuliwerenga yekha. Zinali zoona. Mlembi wa mpikisano adalemba dzina limodzi, ndipo iye adangokhala womuthandiza, wopanda dzina. A Saulos atauzidwa adati ndi kulakwitsa chabe, akonza pamapeto. Kwa iwo inali nkhani yaing'ono.

Sukulu zisanu ndi imodzi zidalakatula. Ena adakuwa, ena adalira misozi yochita kufinya, ena adaloza denga ngati likudontha. Kenaka woyendetsa mwambo adaitana: "Tsopano Tsanya! Fyness Sankhani ndi womuthandiza wake!"

A Saulos adakwera okha kukaika mipando iwiri moyang'anana, nafotokozera anthu mwachidule za maphatikizo asanu ndi atatu ndi za oimba awiri a ku Finland. Potsika adanong'oneza Taziona, "Pasakhale mpata."

6. Mpata

Atsikana adakhala, mawondo atagundana, nagwirana manja. Fyness sadayang'ane anthu. Maso ake anali pa Taziona yekha.

*Mayi anga, mvula yagwa,*

Taziona adabwereza. Adayamba kukokana, uku ndi uku. Pofika mzere wachinayi holo yonse inali itagwidwa. Ana ena ankagogoda mabenchi motsatira. Mayi wina wa pa tebulo la oweruza adasiya kulemba, nagwira tsaya. Ndime yoyamba itatha, kumbuyo kudamveka nthungululu, ndipo ana a Tsanya adakuwa, "Fyness! Fyness!"

Taziona adamva dzinalo kawiri. Adaponya diso kumbali, naona Emelda pa benchi yachiwiri akutsegula ndi kutseka zala ngati mlomo wa mbalame.

Fyness adalowa ndime yachiwiri, ya bambo ake:

*Bambo, bwerani kumudzi,*

Taziona adabwereza.

*Tate, tsanzikani Tete;*

Apa Taziona adatseka pakamwa. Sadaiwale. Mzerewo unali pa lilime, ndipo adauimbapo kokwana makumi angapo pansi pa mtengo. Adangokhala chete, nafewetsa manja.

Fyness adamukoka pang'ono, kumukumbutsa. Manjawo sadabweze. Adamuyang'ana m'maso, napukusa milomo kumuuza mzerewo mwakachetechete, poyesa kuti mnzake wasokonezeka. Taziona adayang'ana pansi.

M'holo mudati zii. Ngakhale panja sipadadutse galimoto.

Fyness adaona kuti ayenera kupitiriza yekha. Mzere wotsatira unali wakuti *Nachesi wanu wakula*. Adatsegula pakamwa.

"Na... na-na-na..."

Adatsinzina. Milomo idayamba kunjenjemera.

"Na-na-na..."

"Netiweki yavuta!" adakuwa mnyamata wina kumbuyo.

Holo idaphulika ndi phwete. Aphunzitsi adayesa kuletsa, koma ana mazana atatu akayamba kuseka sungawatseke ndi dzanja. Ena adayamba kuyeserera, na-na-na, na-na-na. Fyness adakhala pompo, maso ali chitsinzinire, misozi ikutsika, manja ake akadagwirabe a Taziona.

Ndipo Taziona adasolola manja ake, naimirira, n'kutembenukira anthu. Ndi mawu ake aja omveka mpaka ku mjigo, adalakatula:

*Nachesi wanu wakula,*
*Mbande yanu yabereka.*

Phwete lidatha. Adapitiriza yekha mpaka kumapeto, ndime zonse zisanu, osaphonya phatikizo ngakhale limodzi. Atamaliza adagwada pang'ono monga mwa masiku onse. Anthu adaimirira kuwomba m'manja. Zidamukomera, tisaname. Potembenuka adapeza mpando wa Fyness uli wopanda munthu.

Polengeza zotsatira, mkulu wa oweruza adavula magalasi. "Ana inu, lero mwaphunzira ziwiri," adatero. "Choyamba, kuseka mnzanu amene ali pa mavuto ndi khalidwe loipa. Chachiwiri mwachiona kwa mtsikana uyu. Mnzake atagwa, sanathawe. Anaimirira n'kupulumutsa sukulu yake. Umenewu ndiwo mtima umene tikufuna ukaimire Mwanza ku Blantyre. Dzina lako ndani, mwana wanga?"

"Taziona Langton."

"Lembani dzina limenelo."

Adalilemba pa satifiketi ndi zilembo zikuluzikulu. A Saulos okha ndiwo sadawombe m'manja. Adali ataimirira pafupi ndi khomo, foni ili m'manja, akumuyang'ana.

7. Yankho la Fyness

Taziona adakamupeza Fyness atakhala kuseri kwa holo, pa mulu wa njerwa. M'pikapu yobwerera Fyness sadagwire mkono wa munthu. Taziona adapinda satifiketi n'kuibisa m'kope kuti isamaonekere.

Adafika dzuwa likupendeka. Mbiri inali itawatsogolera kale, chifukwa ana a Tsanya ali ndi mafoni. Mayi a Taziona adamulandira ndi nthungululu. A Langton anali pakhonde akunola sowo ndi tupa. Adaiika pansi.

"Ndamva kuti wapambana," adatero. "Ndamvanso kuti mnzako anamuseka. Fyness, bwera kuno, mwana wanga. Kunyumba kuno sunaphonyepo ngakhale kamodzi. Chinachitika n'chiyani?"

Taziona adaima pa tsinde la khonde. 

Fyness adagwada pafupi ndi malume ake. Adamuyang'ana Taziona kamodzi kokha. Kenaka adalimbana ndi mawu, ndipo palibe amene adamuyankhulira.

"Nd-ndine, amalume. Nd-ndinaona anthu amb-mbiri, ndiye nd-ndinachita m-mantha."

"Mnzakoyu anabwereza bwinobwino?"



"Eya. An-anabwereza."

A Langton adapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. Adatambasula dzanja lawo lokhakhala, namugwira Taziona paphewa. "Ndinakuganizira zoipa, mwana wanga. Undikhululukire. Wachita ngati m'bale weniweni."

Taziona akadakonda kumenyedwa.  Adangoti, "Zikomo, ababa."

Loweruka Fyness adachapa zovala zake zonse. Lamulungu adapita ku tchalitchi, nakhala benchi ya kumbuyo. Taziona adamupatsa theka la sopo wake wonunkhira, namuuza kuti ku Blantyre akamugulira chibangili. Fyness adalandira sopoyo ndi manja awiri ngati wapatsidwa ndi mlendo, n'kumuika pa windo.

Lolemba m'mawa Taziona adapita ku mjigo. Pobwera adapeza mphasa ya Fyness itapindidwa n'kuimikidwa pakona. Chikwama chake panalibe. Pa bedi la Taziona panali yunifomu yosita bwino, malaya ndi siketi, ndipo pamwamba pake panali kope la Chichewa.

"Amayi! Fyness ali kuti?"

Mayi ake adatuluka m'khitchini maso ali ofiira. "Wakwera kabaza, wapita kwa Nthache. Akuti azikathandiza mayi ake kuotcha makala. Bambo ako amuletsa mpaka kutopa. Wati sukulu si ya anthu ngati iye, sangakhalenso m'kalasi anthu akumuitana na-na-na."

"Koma mayeso a Fomu 3 ndi mwezi wa mawa!"

"Tamuuza. Wati yunifomu uzisinthira ndiwe, popeza ukupita ku Blantyre uyenera kukaoneka bwino."

Taziona adakhala pa bedi, yunifomu ili pamiyendo. Adatsegula kope lija. Ndakatulo yonse inali momwemo, yolembedwa mosamala, ndipo pansi pa mzere uliwonse Fyness adasiya mpata n'kulembapo ndi pensulo dzina la woyenera kulowa: Taziona, Taziona, Taziona, mpaka tsamba lomaliza.

Ali chigwirire kopelo, panja padalira njinga yamoto. Nthawi imeneyo a Saulos amayenera kukhala ali pa asembule, koma anali pabwalo la a Langton, akuvula chipewa cha njinga.

"Odi kuno! Bambo Langton, pepani ndakuchedwetsani ku ntchito. Lachisanu ndinajambula ana athu pa foni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndaonera kasanu, ndipo ndikufuna nanunso muone."

A Langton adatula sowo imene adali atanyamula kale paphewa. Taziona adatuluka mwakachetechete, nalunjika kuseri kwa nyumba.

"Ayi, Taziona," adatero a Saulos osakweza mawu. "Bwera ukhale apa, pafupi ndi bambo ako."